Atambala Anga ku Jeremani

Lachiwiri, 6 Meyi 2025, Cuamba

Waimbanso foni N. Ndimangolemba N. chifukwa dzina lonse, Nádia, limandithera inki ndi mtima womwe. Mwana wa amuna anga, a Baptista, wa ku Jeremani uja. Ndinamva za iye chaka chatha chomwechi, nditakhala ndi bambo akewo zaka makumi atatu. Zaka zonsezo munthu akuliza mkonono pambali pako, osatchula ngakhale kutulo kuti atapita kukagwira ntchito ku fakitale ya mabogi a sitima ali mnyamata, anasiyako khanda la miyezi isanu ndi itatu pamene anawabweza kuno mu 1990. Ine ndinkangodziwa kuti anabwerako ndi wailesi ndi jekete lachikopa.

N. ndi woimba. Osati kuimba kwa kukwaya kapena kwa paukwati ayi, koma opera. Ndi sewero lomwe palibe wolankhula, onse amangokuwa. Munthu akafuna madzi amaimba. Akabayidwa mkondo amaimba mphindi khumi ndi zisanu asanagwe. Pa 15 Juni akuti adzaimba koyamba mbali yaikulu m'chinyumba china chotchuka cha opera kumeneko, cha mipando zikwi ziwiri, ndipo adzazionetsa pa intaneti.

Nkhani yake andifotokozera a Baptista ndili pa makina, ndaseka mpaka kudzibaya singano. Milungu ya makolo a Ajeremani. Mulungu wamkulu ali ndi mwana wamkazi wosamva, ndiye N. ameneyo. Amutengera pamwamba pa phiri lozizira, amugoneka tulo tosadzuka msanga, amufunditsa nsalu, iye n'kuchoka osacheuka. Ndati, "Bambo a Délcio, kodi sewero limeneli munalemba ndinu?" Sanaseke.

Lachinayi, 8 Meyi

Watumiza vidiyo ya poyeserera. Ndimayembekeza milungu yovala golide, nthenga kumutu. Ayi ndithu. Milungu yonse yavala maovololo abuluu ngati anthu a kunjanji kuno. Phiri ndi mulu wa masutikesi akale. Chinjoka ndi kagalimoto konyamulira katundu, ka nyanga ziwiri kutsogolo. Mulungu wamkuluyo ndi chibambo chamimba, ovololo yake sitsekeka pamchombo. Woyendetsa sewero amavala chipewa chaubweya m'nyumba momwe, ndamutcha a Chipewa. Amangothamanga uku ndi uko akukupiza manja ngati akuingitsa nkhuku.

Ndiye pempho. A Chipewa atamva mbiri ya N. akuti anagwetsa misozi, n'kuganiza kuti nsalu yomufunditsa paphiripo ichokere kwa bambo ake enieni. Yoyera mbee, mamita asanu, yopanda duwa ngakhale limodzi. N. walankhula pang'onopang'ono m'Chipwitikizi chake chothyokathyoka kuti nanenso ndimve. "Papa sanandipatsepo kanthu chibadwire. Ndikupempha chimenechi chokha."

A Baptista angoti "ja, ja," maso ali pansi. Chijeremani chawo chinachita dzimbiri. Chatsala ndi "ja" ndi "nein", inde ndi ayi, ndi mawu aja amatuluka akadzimenya hamala pachala.

Ine telala ndikudziwa bwinobwino kuti nsalu yoyera mamita asanu imagulidwira chiyani kuno. Koma palibe wandifunsa. Ndinabereka anyamata atatu, kuwerenga kwanga kumathera pomwepo.

Loweruka, 10 Meyi

A Baptista alawirira, avala jekete lachikopa lija, akwera chapa, minibasi ya ku Mandimba. Akuti nsalu za ku Cuamba n'zopyapyala, yabwino ili kwa a Salimu, mnzawo wakale wa sitolo pafupi ndi msika. Mtunda wonsewo chifukwa cha nsalu. Ine ndikawatuma ulusi pamsika pompano amati bondo.

Madzulo. Ndilembe izi ndisanaiwale, adzukulu adzaseke.

Masana ndikusoka yunifolomu ya mwana wa eni ake, ndangomva kulira pachipata. Valéria wa nyumba yoyandikana nafe, kapulana, chitenje cha kuno, kumutu, kumbuyo kwake amayi asanu ndi mmodzi a kutchalitchi, wina nkhuni, wina ufa m'beseni. "Pepani amayi, pepani, mwana wa ku Jeremani uja!" Ndangokhala pansi pakhomo pomwepo. Ndinene zoona, ndalira nawo mwina mphindi zitatu, kulirira munthu amene sindinamugwirepo dzanja.

Kenako nzeru zabwerera, ndaimbira a Baptista. Ali m'chapa, osangalala kwabasi. "Madalena, Salimu ndi munthu! Ndangoti mamita asanu oyera, a mwana wanga wa ku Jeremani. Waimirira, wandikumbatira, wadula yekha, ndalama wakana. Mpaka misozi."

"Bambo inu, mwawauza kuti ndi ya sewero?"

"Sanafunse."

A Salimu aimbira mlamu wawo wa kuno, mlamu wauza mkazi wake, mkazi wauza Valéria. Maliro afika ku Cuamba chapa isanadzaze n'komwe ku Mandimba.

Kufotokozera amayi aja kwanditengera ola. "Ndiye sanafe?" Ayi, amangogona. "Wadwala?" Ayi, wamugoneka ndi mulungu. Valéria wachita chizindikiro cha mtanda kawiri. Nkhuni ndi ufa abwerera nazo, koma tiyi amwa ndithu, ndi buledi wanga yense.

Lamulungu, 11 Meyi

Ku Misa atatu andigwira dzanja mwachisoni, awiri andiseka poyera. Nsalu ili pamwamba pa kabati, m'pepala lake. A Baptista sakuiyang'ana. Dzulo atafika n'kumva kuti pabwalo pawo panali maliro a mwana wawo, nkhope inagwa. Ine ndinkati aseka. Sanadye.

Lolemba, 12 Meyi

"Sindingagulire sanda mwana wamoyo." Atero a Baptista m'mawa akumanga nsapato, osandiyang'ana. "Ndinamusiya kamodzi. Tsopano ndimukulungenso?"

Ndati mufotokozereni choncho kumene. Akhala ndi foni theka la ola, magalasi pamphuno, kulemba, kufufuta, kulembanso. Atatumiza ndasuzumira. Mawu awiri okha: "Nein. Papa."

Ndati, "Ndi zomwezi?" Ati enawo sakuwakumbukira. Ndati lembani m'Chipwitikizi, amamvako. Ati za sanda salemba m'chinenero chilichonse, chifukwa kutchula imfa pa mwana n'kuiitana.

Munthu ameneyu mutu wake ndi njanji, sukhota pomwe wafuna.

Lachitatu, 14 Meyi

N. wawerenga. Sanayankhe.

Lachisanu, 16 Meyi

Masiku anayi kuli zii. Kale ankatumiza kanthu tsiku lililonse, mwina mulungu wamimba uja zipi itamuphulikira, mwina iye mwini akuchita "aaaa eeee" m'bafa kuti kukhosi kutseguke. Ndinkadandaula kuti akutithera intaneti. Lero ndadzipeza ndikutsegula foni ya a Baptista iwo ali kosamba. Chithunzi chake chachoka, patsala kabwalo kotuwa.

Iwo akhala pakhonde tsiku lonse, maso kunjanji. Sitima ya ku Nampula yadutsa, sanayang'ane wotchi n'komwe, munthu amene chipumireni pantchito amaitukwana ikachedwa mphindi zisanu. Akalamba m'sabata imodzi.

Chikundiwawa n'chakuti ndinkadziwa. Tsiku lija ndikanangoti, iwe, kuno yoyera ndi ya maliro, sankha ina, nkhani ikanathera pomwepo. Ndinakhala chete dala, ndinkafuna ndione akupunthwa. Apunthwadi, koma sizikundikomera. Mtsikana uja akuganiza kuti bambo ake amukana kachiwiri, ndipo ulendo uno sadzawafunanso. Anawafufuza zaka zisanu ndi chimodzi kuti awapeze.

Loweruka, 17 Meyi

Ndatsegula sutikesi ya pansi pa bedi kufuna mabatani. Bodza. Ndimafuna kapulana ya atambala.

Yachikasu, atambala ofiira akuluakulu, ndinaigula ndili ndi pakati pa Délcio. Yaberekera Délcio, Gildo ndi Élio, onse anaikodzera mofanana. Ili ndi chigamba pakona pamene a Baptista anaiwotcha ndi simbi, tsiku lokhalo limene anayesa kusita m'nyumba muno. Ndinkaisungira mdzukulu woyamba. Anyamatawo akuchedwa okha.

Ndaimbira Graça, msuweni wanga wa usisitere ku Massangulo. Lachitatu akwera ndege ku Lichinga, ulendo wa ku Lisboa ku msonkhano wawo. Wati kapulanayo ndikamupatse pamanja, iye akaitumiza kwa N. ali kumeneko, sichedwa. Adiresi ndakopera pa envelopu ya Khirisimasi. A Baptista ndawauza kuti ndikukayeza masisitere madiresi. Angoti, "Uyende bwino." Yoyera ija ndaitsitsa pakabati iwo ali pomwepo, sanafunse.

Lolemba, 19 Meyi, Massangulo

Chapa ziwiri, thumba la chinangwa cha eni ake pamiyendo panga kuyambira Mandimba. Kuno kwayamba kale kuzizira. Graça wanenepa, usisitere ukumuyanja.

Kalata talemba tonse m'Chipwitikizi chosavuta, ine kunena, iye kuwongola. Ndati alembe motere: Bambo ako sanakukane. Kuno nsalu yoyera yaitali choncho timakulungira wakufa. Atangoigula anthu anabwera kudzakulira, nanenso ndinalira nawo pang'ono. Iyi ndakutumizirayi ndi yoberekera. Timafunditsa mwana amene tikudziwa kuti adzuka. Abale ako atatu anakulira momwemu, watsala ndiwe. A Chipewa akaikana usavutike, uzipukutira mbale. Pansi ndaika nambala yanga.

Graça wati za mbalezo tichotse. Ndati zisiye, adziwe kuti walemba ndine. Wafunsanso kuti a Chipewa ndani. Ndati N. akadziwa.

Tikumata phukusi wandifunsa ngati ndinawakhululukira a Baptista. Ndati, Graça, ndabwera kudzatumiza katundu, kulapa ndi Loweruka.

Lachiwiri, 20 Meyi

Pobwerera ndatsika pa Mandimba kukabweza yoyera ija. A Salimu atandiona anafuna kulowa pansi pa kauntala. "Mayi, manyazi andigwira. Koma munthu wamkulu, jekete lakuda, mamita asanu oyera, dzina la mwana pakamwa. Inuyo mukanaganiza chiyani?" Ndati cholakwa chanu palibe, olakwa ndimagona nawo nyumba imodzi.

Afunsa kuti sewerolo n'lotani. Nditawafotokozera za mulungu wosiya mwana pa masutikesi, apukusa mutu. "Ndiye anthu amavala masuti kukaonera zimenezo? Kuno timaziona pa siteshoni."

Andipatsa ulusi wofiira wa chipepeso. Ndalandira, wabwino.

Lachitatu, 28 Meyi

Graça: watumiza Lolemba, akuti masiku anayi kapena asanu.

Lachisanu, 30 Meyi

Ndawapeza a Baptista kuseri kwa nyumba, pa mpando wa pansi pa mpapaya, ali ndi kabuku kakang'ono kotanthauzira mawu a Chijeremani, kachikuto chong'ambika. Sindinkadziwa kuti kakadalipo. Milomo ikuyenda, mawu osatuluka. Atandiona akabisa pansi pa ntchafu ngati mwana wakuba shuga. Ndadutsa ngati ndikufuna tsache.

Lachinayi, 5 Juni

Palibe. Kaya yafika, kaya atambala anga ali m'chipinda cha katundu wosochera. Kaya yafika ndipo waiponya kudzala. Ndikaganiza zimenezo magazi amawira, nsalu yanga, ya ana anga! Kenako ndimakumbukira kuti ndinamuuza ndekha kuti azipukutira mbale.

A Baptista afunsa kuti madiresi a masisitere ndisoka liti. Ndati nsalu sinafike. Bodza silinali lonse.

Lachitatu, 11 Juni

Pa tsamba la chinyumba cha opera chija aikapo zithunzi za kuyeserera komaliza. Ndazipeza ndi Valéria. Masutikesi alipo. Chinjoka chamatayala chilipo. Mulungu wamimba amupatsa ovololo yokulirapo, Mulungu weniweni atamandike. N. wagona pamwamba, amufunditsa nsalu yoyera mbee, ndi kumutu komwe.

Valéria wati, "Mayo ine." Ndazimitsa foni. Iwo sindinawaonetse.

Ndiye basi. Agula yawo.

Loweruka, 14 Juni

A Baptista ati mawa saonera. Ati bondo. Ndati opera saonera ndi bondo.

Valéria abweretsa TV yake yaikulu, ndipo amayi onse aja anabwera kudzalira akuti akubwera kudzaona malemu akuimba. Sindingawaletse, analira ndi mtima wonse. Ndakazinga mtedza beseni lonse, chifukwa akuti zimatenga maola asanu. Maola asanu! Ukwati wanga ndi madyerero omwe sunafike pamenepo.

Ndikuopa. Akadzaona mwana wawo atamuphimba kumutu ndi yoyera, pamaso pa amayi onsewa, sindikudziwa kuti ndidzawadzutsa bwanji.

Lamulungu, 15 Juni



Zinayamba 2 koloko masana. Anthu khumi ndi anayi pabalaza. A Baptista pakhonde, msana kuzenera, koma zeneralo anatsegula okha.

Mphindi khumi zoyamba kunalibe munthu, malipenga okhaokha mumdima. Valéria anamenya TV kuganiza kuti yafa. Kenako milungu. Ola lathunthu mulungu wamimba akukangana ndi mkazi wake. Mawu olembedwa pansi palibe ankawawerenga, koma amayi onse anamva. "Wamugwira ndi chibwenzi ameneyo." "Taonani akukana, onse ndi amodzi." Chinjoka chitalowa chikulira pii pii pobwerera m'mbuyo, tinaseka mpaka wina kutsamwa mtedza. Kumeneko anthu zikwi ziwiri ali duu, palibe ngakhale woyankhira. Nthawi yopuma iwo anatuluka kukamwa vinyo, ife tiyi.

Kenako N. Wamtali, chipumi cha a Baptista chenicheni, ndi kayendedwe kaja kotaya phazi lamanzere. Atatsegula pakamwa kuseka kunatha. Opera sindiidziwa ndipo sindikufuna kuidziwa, koma mawu aja anapyola malipenga onse ngati sitima ikulowa pa siteshoni, matambula a m'kabati mpaka kulira. Tsitsi linandiimirira. Valéria ananong'ona, "Malemu ali ndi mphamvu." Nditacheuka, a Baptista ali chiimire pakhomo. Sindinaone nthawi imene analowa.

Kunja kutada bii inafika nthawi ya phiri. Mulungu anamutengera pamwamba pa masutikesi, n'kuimbirana nthawi yaitali moti ndikanasoka siketi. Anamugoneka. Anatsegula sutikesi imodzi, n'kutulutsa nsalu yoyera. A Baptista anati "Mayo," n'kugwira chitseko kuti atuluke.

Mulungu anaitambasula, kuiyang'ana, kuiyang'ananso. Anaiponya kuseri kwa phiri. Anatsegula kasutikesi kena kakang'ono.

Atambala anga.

Achikasu ndi ofiira, pakati pa zotuwa zonse zija, pamaso pa Ajeremani zikwi ziwiri. Anamufunditsa kulekeza m'khosi, nkhope poyera, n'kupinda m'mbali monga timachitira ndi khanda. Koma anaizondotsa! Atambala onse miyendo m'mwamba. Ndinaimirira ndikukuwa, "Tembenuza, chitsiru iwe!" Amayi anayamba nthungululu, mawu omaliza a mulungu sitinawamve.

Kamera itayandikira, chigamba chinaoneka pakona. A Baptista anayenda mpaka pa TV, osatsimphina, n'kukhudza galasi ndi chala.

"Apa ndinawotcha ndine."

"Ndinu."

"Madiresi a masisitere aja."

"Omwewo."

Anakhala pansi pa simenti, jekete ndi zonse, n'kulira monga sanalirepo ngakhale pa maliro a mayi awo. Amayi anayang'ana kumbali, Valéria anayamba kutolera makapu osatumidwa. Pa TV mulungu ankatsika phiri. Kaya zinalembedwa choncho kaya ndi nzeru za a Chipewa, koma anacheuka. Kawiri.

Alendo atapita, ndikusesa makoko a mtedza, inalira foni. Yanga, osati yawo. N., nkhope ikadali ndi penti, kumbuyo kwake milungu ikukumbatirana ndi mabotolo m'manja. Kapulana waimanga m'khosi ngati chingwe cha mbuzi. Anati a Chipewa anaikana masabata awiri, ankati atambala alibe tanthauzo. Dzulo lomweli anawauza kuti popanda atambala akaimbe okha. Anati sanayankhe kalata chifukwa sankafuna kulonjeza chimene mwina sakanachita. Kenako anafunsa, "Mama Madalena, imamangidwa bwanji?"

Ndinati, "Choyamba chotsa m'khosimo, mwananga, ukutichititsa manyazi."

Ndinapatsa a Baptista foni kuti agwire, ine n'kumasula yanga ya m'chiuno kuti ndimuonetse. Chipwitikizi chake sichinkakwanira, ndiye ndinati masulirani: pansi pa khwapa, zungulitsa, pinda apa. Basi, zomwezo.

A Baptista anayamba ndi kutsokomola, mawu akutuluka limodzilimodzi. Kenako anatseguka. Ine ndinanena za khwapa zokha, koma iwo akumasulira, akumasulira. Ndinamva dzina la a Salimu. Ndinamva dzina la mayi ake. Ndinamva "Nádia" kasanu. Iye anasiya kumanga, anakhala pansi pa sutikesi, penti ikuyenderera m'masaya.

Ndinaima pamenepo ndi kapulana m'manja, wondiyang'ana palibe. Batire inafiira. Ndinapita kukafuna chaja.